Ola la M'khonde

Belu la naini koloko likalira,
aphunzitsi Entwistle ankatsegula Baibulo pa tebulo lalitali
ndipo ife atatu tinkaimirira.
Panalibe wotithamangitsa. Lamulo ndilo linkatero:
mwana amene makolo ake akana, atuluke.

Tinkatuluka.

M'khonde munali misomali yokolekapo majasi,
majasi makumi asanu onyowa ndi mvula ya ku Yorkshire,
onunkha ubweya ndi utsi wa fakitale,
ndi benchi yothyoka mwendo
imene Cornelius Tierney ankaichirikiza ndi njerwa.

Cornelius ankatuluka poti wansembe wake anati
Baibulo la m'kalasimo si la Roma.
Hinda Zelkin ankatuluka poti theka la bukulo silinali lakwawo.
Ine Keziah, mwana wa Jabez Holroyd wosoka nsapato,
ndinkatuluka poti bambo ankalikonda bukulo
kuposa akomiti onse kuwaphatikiza pamodzi.
Ankati mawu a Mulungu sagulidwa ndi msonkho,
ndipo sangapanikizidwe pakati pa masamu ndi mapu
ngati nsanza yotsekera mphepo pa zenera.

Usiku akuluakulu ankasonkhana ku holo ya tawuni.
Abusa a tchalitchi chamiyala anati:
sukulu yopanda katekisimu ndi nyumba yopanda denga.
Bambo anaimirira, phula likadali m'zikhadabo:
denga lanulo limadonthera ife.
Wina wa ndevu zofiira, wosula zitsulo, anakuwa ali kumbuyo:
chotsanimo zonse, ana aphunzire kuwerenga malipiro awo!
Mipando inagwa. Nyali imodzi inasweka.
Dzina la mwana aliyense silinatchulidwe.

Bambo anakana msonkho wa sukulu,
masheleni atatu ndi makobidi anayi.
Kunabwera amuna awiri aulemu, anapukuta mapazi pakhomo,
nanyamula wotchi yathu ya pakhoma.
Panatsala chibanga choyera pa khoma lakuda ndi mwaye,
ndipo mayi ankachiyang'anabe akafuna kudziwa nthawi.

Koma za m'khonde palibe anatifunsa.

Mawu a aphunzitsi ankadutsa chitseko atatha mphamvu,
ngati munthu wolankhula ali m'bulangete.
Tsiku lina Hinda anatchera khutu, nati:
salimo ilo bambo anga amaliimba Lachisanu usiku.
Analinong'ona m'chinenero chawo, mawu okhakhala kummero,
Cornelius n'kuliyankha m'Chilatini chothyokathyoka,
ine n'kumaliza monga timalinenera ku kachisi wathu wa njerwa,
tonse atatu tikuthamangitsana ndi liwu la m'kati,
mpaka tinaphulika kuseka
ndi kubisa nkhope m'majasi a anzathu.

Chisanu chikaluma tinkapisa manja m'matumba a eni ake.
Sitinkaba. Tinkangofuna kafungo ka kutentha kotsalira.
Ndinkadziwa amene ali ndi mbatata yootcha,
amene ali ndi batani ndi kachingwe,
amene thumba lake ndi lobowoka mpaka pansi.
Kalasi yonse ndinaidziwa chomwecho,
ndisanalankhulepo ndi theka lake.

Wotchi ija abale a mumpingo anakaiwombola pa msika
naibweza akuimba nyimbo mumsewu.
Chibwerereni inkachedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.
Bambo anakana kuikonzetsa.

Cornelius anakwera sitima ya pamadzi, sanalembe kalata.
Hinda ndinamuona kamodzi ku Leeds, atasenza mtolo wa malaya osoka;
tinagwedezerana mutu, aliyense ali ndi changu chake.
Mkangano uja ukadalipo, wangosintha anthu oukuwa,
ndipo mdzukulu wanga amabwera nawo kunyumba m'mapepala osindikiza
kuti ndisainepo.

Ndimawayang'ana nthawi yaitali.
Sindinamuuzepo kuti mpaka lero, belu lililonse likalira naini,
ngakhale ndili pa mzere wogula malasha,
maondo anga amafuna kunyamuka,
ndipo mphuno imamva ubweya wonyowa.